Mipeni ya asilikali: gulani chitsulo, musagule nkhani



Lero tikambirane za katundu amene ambirife timamuona m'mashopu ndi m'misika ya ku Johannesburg, ku Durban ngakhalenso ku Kariakoo: mipeni imene amati ndi ya asilikali. Ina ndi italiitali ya m'chimake cha chikopa, ina ndi yopinda, ina ndi bayonet, mpeni uja amauloweka kunsonga kwa mfuti. Wogulitsa sasowa chonena. Uwu akuti unamenya nkhondo ya Hitler, uwu unachokera ku Angola, uwu ndi wa makomando a ku Britain. Kenako amakunong'onezani kuti kuli mabwana osonkhanitsa zinthu zakale amene amalipira ndalama zambiri, ndiye mukatenga khumi mubweza mpamba ulendo umodzi wokha.

Zoti osonkhanitsa mipeni yakale alipo, n'zoona. Ali ndi magulu awo, mabuku awo ndi misika yawo, ndipo mpeni weniweni amaugula modula. Koma ndi anthu amene atha zaka akuphunzira chidindo chilichonse, moti munthu wongoyamba dzulo sangawapusitse. Opusitsidwa timakhala ife apakatife, amene tangomva kuti muli ndalama koma poyang'ana sitikupadziwa.

Maganizo anga ndi akuti mpeni wa usilikali uli ndi mitengo iwiri. Pali mtengo wa chitsulo, ndipo pali mtengo wa nkhani yake. Chitsulo tonse timatha kuchiyesa: timaona ngati chikunoleka, ngati chogwirira chili cholimba, ngati chimake chasokedwa bwino. Nkhani siyesedwa ndi chala, komatu ndi imene imakweza mtengo. Choncho malangizo anga ndi atatu. Musalipire nkhani imene simungathe kuitsimikiza. Musagulitse nkhani yabodza. Ndipo ngati kwanu kuli mpeni wa nkhani yoona, musautaye pa mtengo wa chitsulo.

MIPENI IMENEYI ILI M'MAGULU ANAYI

Chisokonezo chimayambira pa mawu oti orijino, chifukwa aliyense amatanthauza zakezake.

Gulu loyamba ndi mpeni wakale weniweni, umene unapangidwira gulu la nkhondo pa nthawi yake n'kuperekedwa kwa msilikali. Umenewu ndi umene osonkhanitsa amafuna, ndipo chiwerengero chake sichikuwonjezereka.

Lachiwiri ndi mpeni watsopano wopangidwa ndi kampani yomwe ija inkapangira asilikali. Dzina ndi lenileni, chitsulo n'chabwino, koma watuluka m'fakitale chaka chathachi. Ndi orijino pa dzina, koma si wakale.

Lachitatu ndi mpeni wotsanzira wosabisa. Wopanga watengera maonekedwe a mpeni wotchuka, koma walembapo dzina lake ndi dziko lake. Yambiri yotere imachokera ku Yangjiang ku China ndi ku Wazirabad ku Pakistan, mizinda yodziwika ndi ntchito yosula mipeni. Pamenepa palibe tchimo, ndipo ina mwa iyo imagwira ntchito bwino ndithu.

Lachinayi ndi feki, amene anzathu a ku Zambia amati gong'a. Ndi mpeni wa gulu lachitatu lomwelo, koma wina wafafaniza dzina la dziko, wadindapo chaka chakale, wauviika m'mankhwala kapena kuukwirira m'dothi lonyowa kuti uchite dzimbiri, n'kudetsa chimake ndi polishi.

Magulu atatu oyambawo ndi malonda abwinobwino, lililonse pa mtengo wake. Lachinayi ndi kuba. Ntchito yonse ya wogulitsa wachinyengo ndi yoti akugulitseni gulu lachitatu kapena lachinayi pa mtengo wa gulu loyamba.

MAYINA AMENE MUDZAWAMVE KAWIRIKAWIRI

KA-BAR. Asilikali a ku America otchedwa Marines anauvomereza kuti ukhale mpeni wawo mu 1942. Chitsulo chake n'chotalika mainchesi 7, ndipo chogwirira chake ndi tizikopa todula mozungulira tosanjikizana. Pa nthawi ya nkhondo makampani angapo ankapanga mpeni umenewu, kuphatikizapo Camillus, ndipo kampani ya KA-BAR ya ku Olean ku New York ikuupangabe mpaka lero. Ndiye wina akakuonetsani dzina la KA-BAR ndi zilembo za USMC, zimenezo pazokha sizikutanthauza kuti mpeniwo unaona nkhondo. Watsopano umalembedwanso chimodzimodzi.

Fairbairn-Sykes, umene ambiri amangoti wa makomando. Anaukonza William Fairbairn ndi Eric Sykes, amene anagwirapo ntchito ndi apolisi ku Shanghai, ndipo kampani ya Wilkinson Sword inayamba kuupanga mu 1941. Ndi wowonda, wosongoka, wakuthwa konsekonse, ndipo wotsanzira wake ali ponseponse. Tinenenso poyera kuti sunapangidwire kusenda mbatata kapena kudula chingwe cha tenti ya thiraki. Ntchito yake ndi imodzi yokha, ndipo wapolisi aliyense amaidziwa.

Bayonet ya 1907, ya mfuti ya Lee-Enfield. Chitsulo chake n'chotalika mainchesi 17. Pafupi ndi chogwirira pamakhala chidindo cha chisoti chachifumu, nambala ya 1907 ndi dzina la wopanga, monga Wilkinson kapena Sanderson. Apa ndi pamene ambiri amagwera. 1907 si chaka chimene bayonet imeneyo inapangidwa, ndi dzina la mtundu wake. Mwezi ndi chaka chenicheni zimadindidwa padera ndi timanambala ting'onoting'ono, mwachitsanzo 5 ndi 17, kutanthauza Meyi 1917. Mtundu womwewu unapangidwanso ku Lithgow ku Australia ndi ku Ishapore ku India. Pa katundu wa boma la Britain pamakhalanso kachizindikiro ka muvi kooneka ngati phazi la nkhuku. Wogulitsa akakuuzani kuti inapangidwa mu 1907 chifukwa palembedwa choncho, dziwani kuti nayenso sakudziwa chimene akugulitsa.

Kukri, mpeni wokhotera kutsogolo wa asilikali a Gurkha a ku Nepal, umene m'chimake mwake mumakhalanso timipeni tiwiri. Yambiri ya m'misika, ija ya mutu wa mkango kumapeto kwa chogwirira ndi maluwamaluwa pa chitsulo, inapangidwira alendo odzaona malo, osati asilikali.

Victorinox, kampeni kopinda ka ku Switzerland. Kampaniyi anaiyambitsa Karl Elsener ku Ibach mu 1884, ndipo asilikali a dzikolo anayamba kulandira mipeni yake mu 1891. Kofiira kaja tonse timakadziwa n'kogulitsa kwa aliyense. Kamene msilikali amapatsidwa masiku ano n'kobiriwira. Feki wa kofiirako ndi wochuluka, ndipo ku South Africa kuchita malonda ndi katundu wa chizindikiro chakuba ndi mlandu pawokha, malinga ndi lamulo la Counterfeit Goods Act la 1997.

MUSANATULUTSE NDALAMA

1. Funsani kuti ali nayo ingati. Akakutulutsirani katoni ya mipeni yofanana, ya dzimbiri pa malo ofanana, kapena iwiri ya nambala imodzimodzi, mwapeza yankho.

2. Sisitani chidindo ndi chala. Pa mabayonet ndi pa KA-BAR wakale zilembo ankachita kumenya, moti zimalowa m'chitsulo ndipo zimatha pamodzi ndi chitsulocho. Zilembo za laser zimakhala zosalala, zoyera, zooneka zatsopano pa chitsulo chimene akuti n'chakale.

3. Werengani zonse zimene zalembedwa. KA-BAR wa nthawi ya nkhondo ndi wa chitsulo chochita dzimbiri. Mukaona mawu oti Stainless kapena 440 pa mpeni umene akuti ndi wa 1942, bwezani mwaulemu. Mukaona malo opalidwa pafupi ndi chogwirira, dzifunseni kuti panali mawu anji amene wina sanafune kuti muwerenge.

4. Onani mmene wathera. Mpeni wogwira ntchito umatha pamene dzanja limagwira ndi pamene umakhulana ndi chimake. Dzimbiri lakale limakhala loderako ndipo limagwira malo ena kusiya ena. Dzimbiri lofiira, lofanana paliponse, lotsala ku chala mukakhudza, ndi la sabata yatha.

5. Nunkhizani chimake. Chikopa cha zaka 80 sichinunkha ngati nsapato za m'shopu. Onani ulusi, onani ngati pali guluu. Mpeni ndi chimake zikhale za msinkhu umodzi.

6. Chenjerani ndi changu. Nkhani ikakhala yokoma, mtengo akuti wakuchotserani, mwini wake akuti akuthamangira basi, pamenepo m'pamene muyenera kudekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

7. Kaoneni zenizeni. Ku Saxonwold, pafupi ndi Johannesburg Zoo, kuli Ditsong National Museum of Military History. Tsiku limene mukudikira katundu kapena basi, pitaniko. Diso limene laonapo chinthu chenicheni silivuta kuzindikira chabodza.

Ngakhale mutatsata zonsezi, simudzafika pa msinkhu wa munthu amene wachita zimenezi zaka 20. Ndiye njira yotetezeka ndi imodzi: lipirani mtengo wa chitsulo basi. Tiyerekeze kuti mpeni wotsanzira uli pa R150 m'shopu, ndipo womwewo atauchititsa dzimbiri n'kuupatsa nkhani akuutchula R1,500. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma masamu ake ndi omwewo kulikonse. Mukagula pa R150 n'kupezeka kuti ndi wotsanzira, simunataye kanthu, mpeni muli nawo. Mukagula pa R1,500, ndiye kuti R1,350 mwagulira mawu a pakamwa pa munthu amene mawa simudzamupezanso pa kona paja. Mukatenga khumi, werengani nokha kuti ndi mabulangete angati amene mwasiya.

PA BODA NKHANI ILIBE NTCHITO

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri, chifukwa apa sipangotayika ndalama. Ofisala wa pa boda kapena wapolisi wa pa rodibuloko alibe nazo ntchito zoti mpeni ndi wa 1942 kapena wa dzulo. Iye akuona chida. Kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Blantyre mumaponda mayiko anayi n'kudutsa maboda atatu: Beitbridge, Nyamapanda ndi Cuchamano, kenako Zobue ndi Mwanza. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo chimene mwagula poyera m'shopu ku Johannesburg chingathe kukhala mlandu mutangowoloka Limpopo.

Ku South Africa kuli lamulo la Dangerous Weapons Act la 2013. Silikuletsa kukhala ndi mpeni, ndipo limalola wouchitira ntchito yovomerezeka komanso wosonkhanitsa zida moyenera. Chimene limaletsa ndi kupezeka ndi chida choopsa m'njira yopatsa chikaiko choti mukufuna kuchitira zosayenera, ndipo chilango chake chimafika zaka zitatu kundende. Tanthauzo lake n'lakuti mpeni wa m'katoni yomata yokhala ndi lisiti ndi wosiyana ndi mpeni womwewo uli m'chiuno usiku pa Park Station. Komanso zinthu zina zakale zokhudza mbiri ya dzikolo, kuphatikizapo za usilikali, sizituluka popanda chilolezo cha bungwe la SAHRA. Ndiye mpeni ukakhaladi wakale, mapepala ake amachulukanso.

Ku Zimbabwe ndiye kofunika kusamala koposa. Lamulo lawo la Criminal Law Codification and Reform Act limaletsa kugulitsa kapena kupezeka ndi mipeni yotseguka yokha mukadina batani, yotseguka mukaigwedeza, komanso yopinda imene imakhoma ikatsegulidwa. Ndi chifukwa chake anthu amamangidwa kumeneko atapezeka ndi Okapi. Inde, Okapi yemweyu wa chogwirira cha mtengo ndi kamphete, amene anayamba kupangidwa ku Solingen ku Germany mu 1902, ndipo kuyambira 1988 amapangidwa ku South Africa. Ngati Okapi amagonetsa munthu m'chitokosi, nanga mipeni yopinda yakuda ija amati ya asilikali, imene pafupifupi yonse imakhoma? Musadalire mawu oti ndikungodutsa. Msewu wa Beitbridge, Masvingo, Harare mpaka Nyamapanda ndi wautali, ndipo pofotokozera ndi pambiri.

Ku Mozambique, wina akakuonetsani bayonet ya AK, ija ya bowo pa chitsulo imene ukailumikiza ndi chimake imadula waya, maganizo anga ndi oti musaigwire n'komwe. Mwina ndi yeniyenidi, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Dziko limeneli lili ndi AK ya bayonet pa mbendera yake, nkhondo yapachiweniweni inatha mu 1992, ndipo kuyambira 1995 mipingo inkatolera zida m'midzi posinthanitsa ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Ku Cabo Delgado kwakhala kuli nkhondo kuyambira 2017. Mlendo wopezeka ndi mbali ya mfuti ya nkhondo m'chikwama pa msewu wa Tete, Chipwitikizi chake chili cha moni wokha, adzafotokoza bwanji kuti ndi zokongoletsera pabalaza?

Kwathu kuno, katundu aliyense wa malonda muuzeni wa MRA, ndipo mulembe dzina lake lenileni. Musalembe ziwiya za kukhitchini pamene m'katoni muli mipeni ya m'chimake, chifukwa akatsegula milandu imakhala iwiri. Njira yapafupi ya STR ya COMESA ndi ya katundu wopangidwa m'mayiko a bungweli amene ali pa mndandanda wogwirizana, ndiye mpeni wa ku China kapena ku Pakistan sulowamo. Chinanso, mipeni ina yakale ili ndi chogwirira cha mnyanga wa njovu. Umenewo si mlandu wa mpeni ayi, ndi wa nyama zakutchire, ndipo kuyambira 2017 lamulo la ku Malawi limalola chilango chofika zaka 30. Chogwirira chikakhala choyera ndipo simukudziwa ngati ndi fupa, pulasitiki kapena mnyanga, siyani.

Inu madalaivala, tikudziwa kuti pa msewu mpeni ndi wofunika podula chingwe, tomato ndi nyama. Sungani umodzi wa ntchito, wooneka wa ntchito, ukhale pamodzi ndi mapoto kapena masipanala, osati pansi pa mpando kapena kuseri kwa pilo. Ndipo phukusi lililonse limene wina wakupatsirani, litsegulidwe inu mukuona. Kakatoni kamodzi ka mnzanu kamene sikali pa mapepala kangaimitse thiraki yonse masiku angapo, ndipo abwana akamaimba foni sadzafunsa za mnzanuyo, adzafunsa inu. Oyenda pa ndege, mpeni uliwonse sulowa m'chikwama cha m'manja.

Malamulo amasintha, ndiye musanaode funsani ejenti wanu kapena ofesi ya msonkho ya dziko limene mudutse. Safunsa anadya phula.

POGULITSA NENANI ZOONA

Ndikudziwa kuti ena muti kasitomala amafuna yekha nkhaniyo, ine ndangomupatsa chimene amafuna. Ena muti aliyense akuchita zomwezo, ndipo ndikanena kuti ndi wa ku China sagula.

Abale anga, masiku ano kasitomala ali ndi foni. Amajambula chidindo, n'kutumiza ku magulu a osonkhanitsa pa Facebook, ndipo tsiku lisanathe amuuza kuti wagula feki. Akatero sabwera yekha, amabwera ndi chithunzi cha macheza anu onse. Nambala imene mwagulitsira mpeniwo ndi yomweyo imene mumagulitsira mabulangete, mafuta odzola ndi masipeyala. Geni yathu imayenda ndi chikhulupiriro: anthu amatipatsa ndalama tisananyamuke, n'kudikira sabata ziwiri. Mbiri imeneyo mwaimanga zaka zambiri, ndiye muigwetse chifukwa cha mpeni umodzi? Osaiwalanso kuti kulandira ndalama mwachinyengo ndi mlandu wa kupolisi.

Zoti sagula si zoona. Asodzi, alimi, ogulitsa nyama, oyenda m'tchire ndi madalaivala amafuna mpeni wolimba wa mtengo wofikirika, ndipo za 1942 alibe nazo ntchito. Enanso amangokonda maonekedwe ake kuti apachike pakhoma, ndipo wotsanzira amawakwanira. Auzeni poyera kuti uwu ndi wotengera KA-BAR, wapangidwa ku China, mtengo wake ndi uwu. Phindu pa mpeni umodzi lichepa, koma kasitomala ameneyo adzabweranso ndi mnzake.

Pali chinanso chimene ena sangagwirizane nane. Ine pa geni yanga mipeni yakuthwa konsekonse ndi mabayonet sindinyamula, ngakhale wina atalipiriratu. Wosonkhanitsa weniweni ali ndi njira zake ndi mapepala ake, sadikira ine. Amene amafunsa mpeni wotere pa depoti nthawi zambiri si wosonkhanitsa. Ndipo m'madepoti momwemo ndi mmene ife timagona ndi ndalama m'thumba, ndi mmene madalaivala amaimika mathiraki usiku. Mpeni umene mwagulitsa kwa mnyamata wosamudziwa lero simukudziwa kuti mudzakumana nawo kuti. Kwa ana ndi kwa munthu woledzera musagulitse mpeni wa mtundu uliwonse.

NKHANI YOONA ILI M'MABOKOSI A AGOGO

Chodabwitsa n'chakuti timathamangira nkhani zabodza ku Joni pamene zoona zili kwathu. Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo amuna a ku Nyasaland anali m'menemo kuyambira pachiyambi. Anamenya nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918, pa nkhondo yachiwiri anakafika mpaka ku Burma, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anapita ku Malaya. Chipilala chowakumbukira chili ku Zomba. Anzathu a ku Zambia nawo anali ndi Northern Rhodesia Regiment. Mfuti zimene ankanyamula ndi Lee-Enfield yomwe ndatchula ija.

Zida za boma ankabweza pochoka, ndiye musayembekezere bayonet m'nyumba iliyonse. Koma m'mabanja ena muli kampeni kopinda ka asilikali, kaja kokhala ndi chotsegulira zitini ndi chisonga chomasulira mfundo za zingwe. Muli mamendulo, kabuku ka malipiro, chithunzi cha agogo atavala yunifolomu. Mamendulo a nkhondo yoyamba amakhala ndi dzina ndi nambala ya msilikali m'mphepete mwake. Zinthu zimenezi zikakhala pamodzi, ndiyo nkhani imene wachinyengo sangaipange, ndipo ndi imene osonkhanitsa amaifunitsitsa. Wogula wochenjera akafika pakhomo amanena kuti ndi chitsulo chadzimbiri chabe, n'kupereka ya sopo. Iyeyo akudziwa chimene watenga.

Ngati kwanu kuli zotere, chitani izi. Musanole pa giraindala, musapale ndi sandipepa, musapake penti. Kuyeretsa kotere kumachotsa zidindo ndipo mtengo umagwa. Pukutani ndi kansalu ndi timafuta pang'ono ta makina osokera. Musasunge chitsulo m'chimake cha chikopa pa malo a chinyezi. Musalekanitse mpeni, mendulo ndi mapepala. Akuluakulu amene akukumbukira akadali moyo, afunseni dzina lonse la agogowo, gulu lawo ndi kumene anapita, mulembe pa pepala n'kusunga pamodzi. Jambulani zonse ndi foni.

Kunena zoona, ine ndikuti musagulitse. Ndalama yake idzatha mwezi usanathe, pamene chinthucho ndi umboni wokhawo umene zidzukulu zidzaone woti agogo awo anakafika ku Burma. Koma mavuto akakukakamizani, banja lonse ligwirizane kaye, funsani anthu angapo osati mmodzi, ndipo kafunseni ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri ku Blantyre. Malawi nayenso ali ndi lamulo la Monuments and Relics Act loteteza zinthu zakale, ndiye musangoika m'chikwama n'kuwoloka nazo boda. Ndipo ife a geni tisakhale amene tikuzungulira m'midzi kugula zinthu za makolo a anzathu pa mtengo wa sopo. Kumeneko ndi kuba komwe kuja, kwangotembenuka.

Mwachidule, mpeni wotsanzira wogulidwa pa mtengo wake, wololedwa m'mayiko onse amene mudutse, wolembedwa bwino pa mapepala ndi wogulitsidwa mosabisa, ndi katundu ngati wina aliyense. Ukasowa chimodzi mwa zimenezi, usiyeni pa shelefu, mutenge katundu amene mumamudziwa.

Amene mumayenda njira ya Chirundu, Kazungula, Mwami kapena Songwe, tiuzeni mmene maofisala a kumeneko akuchitira ndi mipeni masiku ano, kuti anzathu asakagwe m'mavuto. Muyende bwino nonse, mukafike ndi katundu wanu yense.